Lamulo la pa intaneti liteteze mtsikana woyalutsidwa, osati bwana wonyozedwa

Nthawi iliyonse pakabuka nkhani ya munthu amene wayalutsidwa pa masamba a mchezo, mtsutso wake umayenda m'njira yomweyomweyo. Pa mapologalamu oimba foni a pa wailesi ena amati boma likhwimitse lamulo, apolisi azigwira aliyense wolemba zotukwana, ngati n'kotheka Facebook ndi TikTok zingotsekedwa. Ena amati boma lisayerekeze n'komwe, chifukwa likangopisapo chala ufulu wolankhula wathera pomwepo. Mkanganowu unakolera kumayambiriro kwa 2025 pamene zinamveka kuti bungwe la MACRA, loyang'anira mawailesi, mafoni ndi intaneti m'dziko muno, likufuna kugula makina a madola 1.5 miliyoni ku kampani ina ya ku Ghana oti azilondola nkhani zabodza pa intaneti. Unabukanso mu Julayi chaka chomwecho khoti litagamula kuti gawo 200 la buku la milandu la Penal Code, lija lomanga munthu chifukwa choipitsa mbiri ya mnzake, likusemphana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Ine ndili mbali iyi: boma liyenera kulowererapo, ndipo lachedwa kale, koma njira imene maboma athu akhala akutsata, yothamangira kumanga anthu onyoza akuluakulu, ndi yolakwika ndipo iyenera kusiyidwa. Ntchito yoyamba ya boma ikhale kuchotsa msanga chinthu chimene chikupweteka munthu ndi kumuteteza munthuyo. Unyolo ndi ndende zisungidwire milandu yochepa yotchulidwa momveka bwino: kuopseza kupha kapena kuvulaza, kufalitsa zithunzi zamaliseche mwini wake asanalole, kulondalonda munthu mosalekeza, ndi kuchitira ana zachipongwe.

Ndisanayankhe amene akutsutsa, ndinene chifukwa chake nkhaniyi imandiwawa. Mwana wa mchemwali wanga anali m'chaka chachiwiri ku koleji pamene chibwenzi chake ndi mnyamata wina chinatha. Mnyamatayo anatenga zithunzi zimene anatumiziridwa chikondi chili pachimake n'kuziponya pa gulu la WhatsApp la kalasi. Anaziponya cha m'ma 9 koloko usiku. Pofika m'mawa zinali zitafika pa gulu la kwaya ya kumpingo, pa gulu la anthu akwathu okhala ku Joni, ndi m'foni ya bambo ake. Tinapita naye ku polisi ina. Funso loyamba limene anamufunsa linali lakuti, "Nanga iwe unkajambuliranji?" Lachiwiri linali lakuti kodi akudziwa kuti kujambula zolaula nawonso ndi mlandu. Palibe amene anatifunsa kuti zithunzizo zili pati ndipo zingachotsedwe bwanji. Apolisi aja sindiwaimba mlandu kwambiri, chifukwa zinkaoneka kuti iwonso sankadziwa poyambira. Mtsikanayo anadzitsekera m'chipinda milungu itatu, sukulu anaiimitsa teremu yonse, ndipo amayi ake ankagona pakhomo pa chipindacho poopa kuti angadzichite choipa. Amene ndawaona akuzunzika pa intaneti ndi anthu otere: atsikana a sukulu, amayi a mabizinesi ang'onoang'ono, mnyamata wachialubino wosekedwa pa ndemanga iliyonse, mphunzitsi wonamiziridwa ufiti pa gulu la m'dera. Si anthu oyenda ndi owalondera.

Chopweteka n'chakuti lamulo lilipo. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act. Gawo 86 la lamuloli limaletsa kuzunza munthu kudzera pa makina, ndipo wopezeka wolakwa angathe kulipira K2 miliyoni ndi kukhala kundende zaka 5. Gawo 87 limakamba za mauthenga osowetsa mtendere, chilango chake K1 miliyoni ndi miyezi 12, pamene gawo 88 ndi la kulondalonda munthu. Tsono funso n'lakuti, lamuloli pamodzi ndi anzake a m'buku la milandu akhala akugwera yani? Mu Meyi 2022 namwino wina wa ku Ntcheu anamangidwa chifukwa cha mawu amene analemba pa gulu la WhatsApp onyoza Pulezidenti Lazarus Chakwera. Mu Meyi 2024 bambo wina wa ku Mponela analamulidwa kulipira K200,000 kapena kukaseweza miyezi 6 chifukwa cha kanema wa pa TikTok woseka pulezidenti yemweyo. Mu Epulo 2022 mtolankhani Gregory Gondwe anagwidwa, foni ndi kompyuta yake n'kulandidwa, chifukwa cha nkhani yofufuza zakatangale. Ndipo wina asaganize kuti ndi matenda a chipani chimodzi: mu Febuluwale 2016, nthawi ya boma la DPP, akuluakulu atatu a MCP anamangidwa chifukwa cha zimene ankakambirana pa WhatsApp. Chipani chimene chinkalira mu 2016 ndi chimene chinali m'boma anthu akumangidwa mu 2022. Pa milandu imeneyi luso lopeza munthu linapezeka, galimoto inapezeka, mafuta anapezeka. Pa mlandu wa mwana wa mchemwali wanga panapezeka funso lokha.

Vutoli silili pa apolisi okha, lili m'mawu a lamulo lenilenilo. Gawo 87 limati ndi mlandu kugwiritsa ntchito makina mwadala ndi mobwerezabwereza kusokoneza mtendere, bata kapena chinsinsi cha munthu popanda cholinga chomveka cholankhulirana. Tangoganizani za mayi amene tsiku ndi tsiku akulemba pa Facebook kufunsa phungu wake za ndalama za mlatho umene sunamangidwe. Akusokoneza bata la phunguyo, akuchita mwadala, ndipo akubwerezabwereza. Amene adzayambe kuona ngati cholinga chake n'chomveka ndi wapolisi amene waimbiridwa foni ndi phungu yemweyo. Mawu a gawoli amafanana pafupifupi liwu ndi liwu ndi gawo 25 la lamulo la ku Uganda la Computer Misuse Act la 2011, limene linkagwiritsidwa ntchito pa otsutsa Pulezidenti Yoweri Museveni. Mu Januwale 2023 khoti loona za malamulo aakulu ku Uganda linathetsa gawolo ponena kuti n'losamveka bwino ndipo likuphwanya ufulu wolankhula. Khoti lalikulu la ku India linachita chimodzimodzi mu 2015 ndi gawo 66A la lamulo lawo, limene linkamanga anthu chifukwa cha mauthenga "okhumudwitsa". Lamulo limene munthu wamba sangadziwe pamene waliphwanya limapereka mphamvu yonse kwa wogwira unyolo, ndipo wogwira unyolo amamvera amene ali pamwamba pake. Pachifukwa ichi gawo 87 lifufutidwe.

Otsutsa oyamba ndi amene amanena za chikhalidwe, ndipo ndimawamvetsa, chifukwa nanenso ndinakulira m'nyumba imene mwana sankayankha wamkulu ali chiimire. Iwo amati Amalawi ndife anthu aulemu, pulezidenti ndi tate wa dziko, ndipo mwana wa zaka 20 akamamutukwana pa foni popanda chomuchitikira, mawa adzatukwana mfumu, m'busa ndi bambo ake omubala. Kutukwana n'koipa, pamenepo sitikusiyana. Koma chikhalidwe chimene akuchitchulacho chimatinso mutu ukakula sulewa nkhonya, ndiponso kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Makolo athu ankadziwa kuti wotsogolera anthu adzanenedwa, ndipo ukulu wake umaonekera pa kupirira. Amayi akamasinja ankaimba nyimbo za pamtondo zodzudzula amuna awo, apongozi, ngakhale nyakwawa, mudzi wonse ukumva, ndipo Gule Wamkulu wakhala akutulutsa zilombo zoseka anthu a makhalidwe oipa, amphamvu omwe. Mfumu yanzeru inkamvetsera nyimbo ya pamtondoyo kuti idziwe chimene chavuta m'mudzi. Kuwonjezera apo, pulezidenti kapena nduna ali ndi mneneri, wailesi imamutsegulira khomo, maloya ali nawo, ndipo ngati wanamiziridwa angathe kukasuma mlandu wofuna chipepeso monga wina aliyense. Mtsikana wa ku koleji uja alibe chilichonse mwa zimenezi. Lamulo limene limathamangira kwa munthu amene ali kale ndi zida zonse n'kusiya wopanda kanthu lalakwitsa nyumba.

Tisaiwalenso kumene tachokera. Mu Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, ndipo boma la nthawi imeneyo linati ndi youkira, moti kupezeka nayo kokha unali mlandu. Anthu ankaichulukitsa mobisa pa makina okopera mapepala n'kumapatsirana. Ikadakhala lero ikadayenda pa WhatsApp, ndipo wina akadaitcha uthenga wosokoneza bata. Aphungu athu anachita bwino mu 2022 pochotsa m'buku la milandu mlandu woukira boma ndi mawu, koma sizithandiza kudula mtengo n'kusiya chitsa chikuphukira m'lamulo la intaneti.

Gulu lachiwiri silinena za atsogoleri, limanena za ozunzidwa enieniwo, ndipo mfundo yake ndi yolemera. Limati Mmalawi amamva ndi unyolo: mukamanga anyamata khumi ofalitsa zithunzi n'kuwapatsa zaka zisanu aliyense, ena onse adzaopa. Pa mlandu wofalitsa zithunzi zamaliseche ndikugwirizana nawo ndithu. Ndikufuna lamulo litchule mlanduwu ndi dzina lake, linenenso poyera kuti mwini chithunzi si wolakwa, kuti funso lija la "unkajambuliranji" lisadzafunsidwenso pa kauntala ya polisi iliyonse. Pamene ndikusiyana nawo ndi poganiza kuti kumanga kokha n'kokwanira. Mlandu wa kukhoti umatenga miyezi, nthawi zina zaka: lero fayilo yasowa, mawa woweruza wasamutsidwa, mkuja mboni yatopa ndi ndalama za minibasi. Akuluakulu amati mlandu suola, n'zoona, koma chithunzi chimazungulira dziko usiku umodzi. Komanso kukhotiko mtsikanayo ayenera kuimirira pamaso pa anthu, zithunzi zomwezo n'kuperekedwa ngati umboni, nkhani yake n'kuyambanso kumveka. Ambiri amasankha kumeza n'kukhala chete. Tsiku lachitatu ndinamufunsa mwana wa mchemwali wanga chimene akufuna, ndikuyembekeza kuti anena kuti mnyamatayo amangidwe. Anati, "Amalume, ndikungofuna zichoke." Dongosolo la boma limene lilibe yankho pa pempho limenelo silinayambe n'komwe kuthandiza, ngakhale litalemba zaka 20 za ukaidi pa pepala.

Kumbali inayo kuli anzanga okonda ufulu, amene ndimagwirizana nawo pa zambiri. Iwo amati popeza taona mmene maboma amagwiritsira ntchito malamulowa, ndi bwino boma lichokeretu: wotukwanidwa angomutseka wotukwanayo, kapena azimitse foni, intaneti si mpweya. Mantha awo ndi oona, koma yankho lawo limachokera kwa munthu amene sanayalutsidwepo. Foni lero ndi msika wa mayi wa kaunjika amene amaika katundu wake pa status, ndi banki yake ya Airtel Money kapena Mpamba, ndi mmene ophunzira amalandirira manotsi, ndi njira yokhayo yolankhulira ndi mwamuna amene ali ku Joni. Kumuuza kuti azimitse foni n'kumuuza kuti atseke okala yake chifukwa pakhomo pali chidakwa chimene chikumutukwana. Ndipo ngakhale azimitse, chithunzi chija sichizima, chimapitirira m'mafoni a anthu amene adzakumane nawo ku chigayo, kutchalitchi ndi pofunsira ntchito. Pali chinanso chimene anzangawa sachiona: nkhanza za pa intaneti nazonso zimapha ufulu wolankhula womwewo umene akuuteteza. Mayi akangoti aimire ukhansala kapena uphungu amayamba kutchedwa hule, thupi lake kukambidwa, ana ake kutchulidwa, ndipo anzake amene akuonerera amachita mphwayi kukatenga fomu. Amene watsekedwa pakamwa ndi gulu la otukwana wakhala chete chimodzimodzi ndi amene watsekedwa ndi wapolisi. Malamulo aakulu a dziko lino amene amateteza ufulu wolankhula m'gawo 35 amatetezanso ulemu wa munthu m'gawo 19 ndi chinsinsi chake m'gawo 21, choncho boma silingasunge gawo limodzi n'kupinda manja pa enawo.

Nanga pakati pa unyolo ndi kupinda manja pali chiyani? Pali njira imene maiko ena ayesa, ndipo chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi cha New Zealand. Mu 2015 dzikolo linakhazikitsa lamulo la Harmful Digital Communications Act. Mtima wa lamuloli si ndende, ndi bungwe lotchedwa Netsafe, limene si la apolisi, ndipo linayamba ntchitoyi mu 2016. Munthu wozunzidwa amayamba wadandaula kumeneko mwaulere. Bungwelo limaona ngati uthengawo waphwanya imodzi mwa mfundo 10 zolembedwa m'lamulo, monga kuulula zachinsinsi za munthu, kuopseza, kunamizira kapena kulimbikitsa wina kudzipha, ndiponso ngati wamuvutitsa mtima munthuyo kwambiri. Kenako limalankhula ndi wolembayo kapena kampani yosunga uthengawo kuti uchotsedwe. Zikakanika m'pamene nkhani imapita kukhoti, limene lingalamule kuti uthenga uchotsedwe, wolakwayo asiye kapena apepese, kapenanso kuti dzina la wobisala liululidwe. Ndende ya zaka 2 kapena chindapusa cha madola 50,000 a kumeneko zilipo, koma n'za munthu amene watumiza uthenga ndi cholinga chopweteka ndipo wapwetekadi mnzake. Mu 2022 anawonjezera mlandu wapadera wofalitsa zithunzi zamseri popanda chilolezo. Ku Australia kuli ofesi ya eSafety Commissioner, imene malinga ndi lamulo la 2021 ingalamule kampani kuchotsa uthenga wozunza pasanathe maola 24. Sindikunena kuti malamulowa alibe chilema. Ku New Zealand komweko ena anachenjeza kuti lamulolo lingagwiritsidwe ntchito kutseka anthu pakamwa, ndipo chenjezolo tiyenera kulimva tisanakopere chilichonse. Koma taonani dongosolo lake: limayamba ndi wopwetekedwa, limayesa kukambirana, khoti limabwera pambuyo, ndende n'kukhala yomaliza. Kwa ife zimenezi si zachilendo. Kumudzi mlandu wa banja suyambira kwa gogo chalo, umayamba ndi ankhoswe, ukakanika upite kwa nyakwawa, ndipo yambiri imathera panjira anthu atapepesana.

Sitifunikanso kupita kutali chotero pa chilichonse. Ku South Africa lamulo la Protection from Harassment Act la 2011 limalola munthu kupita kwa majisitireti popanda loya kukapempha chikalata chomuteteza, ndipo ngati womuzunzayo akubisala, khoti limalamula kampani ya mafoni kapena ya intaneti kupereka dzina lake. Ife tili kale ndi zikalata zoteteza zotere m'lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja la 2006. Chotsala n'kuzitambasula kuti zifikirenso munthu amene akuzunzidwa pa foni ndi mnzake wa m'kalasi, wa kuntchito kapena mlendo amene sakumudziwa.

Apa m'pamene pamabwera otsutsa ena, amene amati zonsezi n'zabwino, koma ozunza ambiri amabisala kuseri kwa maina onama, choncho boma likufunika makina ounika intaneti monga amene MACRA inafuna aja. Akuluakulu a bungweli anafotokoza kuti makinawo sawerenga mauthenga achinsinsi, amangoona mmene nkhani zikuyendera pa masamba a poyera. Tiyeni tiwakhulupirire. Ngati ndi choncho, makinawo sakadathandiza mwana wa mchemwali wanga, chifukwa zithunzi zake zinkayenda m'magulu a WhatsApp, amene mauthenga ake ndi okiyidwa moti ngakhale kampaniyo siwawerenga. Chimene makina otere amaona bwino ndi chimene khamu likulankhula poyera: mizere ya mafuta, mtengo wa chimanga ndi feteleza, chisankho. N'chifukwa chake anthu anachita mantha pomva nkhaniyi kutatsala miyezi yochepa kuti chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chichitike. Komanso nkhani ya kubisalayi timaikulitsa. Kuyambira 2018 nambala za foni m'dziko muno zimalembetsedwa ndi chiphaso, ndipo kawirikawiri wozunzidwa amamudziwa bwino womuzunza: ndi chibwenzi chakale, mkazi mnzake, wopikisana naye pa malonda. Pamene munthu wabisaladi, njira yoyenera ndi yakuti woweruza, ataona dandaulo lenileni la munthu weniweni, alamule kuti mwini nambala imodziyo aululidwe. Kufufuza munthu mmodzi chifukwa pali wodandaula ndi ntchito ya chilungamo. Kuunika mtundu wonse pofunafuna wolakwa ndi chinthu china, ndipo amene tinakhalapo nthawi ya chipani chimodzi, pamene unkayang'ana uku ndi uku usanatsegule pakamwa m'basi, tikuchidziwa bwino.

Mfundo yovuta kuyankha kuposa zonse ndi ya ndalama ndi mphamvu. Amati New Zealand ndi Australia ndi maiko olemera, ife tikulephera kugula mankhwala m'zipatala, ndipo kampani ya ku America siingatekeseke ndi kalata yochokera ku Lilongwe. Mbali yachiwiriyo ili ndi choonadi chowawa. Dziko la Britain, malinga ndi lamulo lake la 2023, lingathe kulipiritsa makampaniwa mapaundi 18 miliyoni kapena gawo limodzi mwa magawo 10 a ndalama zimene amapeza pa dziko lonse, chifukwa msika wake ndi waukulu. Ife sitingathe. Komabe makampaniwa ali kale ndi malamulo awoawo oletsa ziopsezo ndi zithunzi zamseri zofalitsidwa popanda chilolezo. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi womasulira. Chipongwe cha m'Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, makamaka chokuluwika, n'chovuta kuti makina kapena munthu wa kunja achimve, choncho ofesi yodziwika ya anthu ochepa odziwa ziyankhulo zathu, imene makampaniwa angamaikhulupirire, ingathe kufulumizitsa chimene munthu payekha amalephera. Maiko a SADC atalankhula ndi liwu limodzi kalatayo ingalemere. Palinso zida zaulere zimene anthu ambiri kuno sanazimvepo, monga StopNCII, imene imapanga chidindo cha chithunzi pa foni yako yomweyo, chithunzicho osatuluka m'fonimo, kuti makampani ogwirizana nayo azichitsekereza wina akafuna kuchiika pa masamba awo. Sichithetsa zonse, koma wapolisi amene amachidziwa amakhala ndi choyankha chabwino kuposa funso lija. Kunena za ndalama, ngati madola 1.5 miliyoni a makina anali oti apezeka, ndalama zolipira anthu ochepa oyankha foni usana ndi usiku zingapezekenso. Ndipo sitikuyambira pa thengo: nthambi za Victim Support Unit zilipo m'mapolisi, nambala yothandiza ana ya 116 ilipo, ndipo lamulo lomwe lija la 2016 linakhazikitsa nthambi ya Malawi CERT yoona za chitetezo cha pa makina. Chofunika n'kuwalumikiza, kuwaphunzitsa, ndi kuwapatsa malire a maola oti dandaulo likhale litayankhidwa.

Pa ganizo loletsa ana kulowa pa masamba a mchezo, monga Australia yachitira kwa osakwana zaka 16 kuyambira Disembala 2025, sindikhalitsapo. Kwathu kuno ana ambiri amagwiritsa ntchito foni ya mayi awo kapena ya achimwene awo, choncho lamulo lotere lingathere pa pepala. Mwana wa fomu 2 amene wapanga gulu lonyoza mnzake akufunika mphunzitsi wamkulu amene ali ndi malangizo omveka ochokera ku unduna, ndi makolo oitanidwa kusukulu, osati chitokosi.

Chotsalira ndi funso limene okonda ufulu aja angandifunse, ndipo ayenera kutero: kodi ofesi imene ukuifunayo siidzasanduka chida chinanso m'manja mwa olamula? Ingasanduke ndithu ngati tiimanga mosasamala. N'chifukwa chake isakhale pansi pa nduna ya zofalitsa nkhani, ndipo ndingakayikire kuiika ku MACRA, imene mamembala a bodi yake amasankhidwa ndi pulezidenti ndipo ili kale ndi mphamvu pa ziphaso za mawailesi. Ikhale yoima payokha monga ofesi ya Ombudsman, yopereka lipoti ku Nyumba ya Malamulo, yolengeza chaka chilichonse kuchuluka kwa madandaulo, mitundu yake ndi zimene inachitapo. Isakhale ndi mphamvu yomanga munthu. Ndipo lamulo linene mosapsatira kuti pulezidenti, nduna, phungu, mkulu wa asilikali kapena bungwe la boma sangadandaule kumeneko pa zonenedwa zokhudza ntchito yawo. Tikumbuke kuti mlandu umene unagwetsa gawo 200 uja unayamba ndi zimene munthu wina analemba pa intaneti zokhudza mkulu wa asilikali wa nthawi imeneyo. Nduna yaikazi ikaopsezedwa kuti igwiriridwa, kapena zithunzi zake zamseri zikafalitsidwa, itetezedwe ngati mayi wina aliyense. Ikanenedwa kuti yalephera ntchito, ngakhale ndi mawu osakoma, iyankhe ndi ntchitoyo.

Pali mbali imodzi imene lamulo latsopano liyenera kutikhudza tonsefe. Mnyamata uja anaponya zithunzi kamodzi kokha. Amene anazifikitsa kwa bambo a mtsikanayo ndi anthu ambirimbiri, ena mwa iwo akuluakulu a mpingo, aphunzitsi ndi azakhali, amene anadina potumiza akupukusa mutu n'kumati, "Taonani ana a masiku ano." Woyang'anira gulu la WhatsApp ali ndi mphamvu yofufuta uthenga wa membala aliyense. Ndikufuna lamulo lakuti akauzidwa kuti chithunzi chimene chili pa gulu lake chafalitsidwa mwini wake asanalole, achichotse, ndipo wopitiriza kutumiza atachenjezedwa ayankhe mlandu ngati woyambitsa. Mwana wa mchemwali wanga anabwerera ku koleji atasintha nambala, ndipo anamaliza. Mnyamata uja sanaitanidwe ndi aliyense. Chaka chatha mtsikanayo atangoyamba ntchito, wina wa mu ofesi anamutumizira chimodzi mwa zithunzi zija ndi funso lakuti, "Kodi uyu ndiwe?" Anandiimbira usiku akulira, kundifunsa kuti, "Amalume, ndikadandaule kuti?" Ndinalibe nambala yoti ndimupatse.